KODI WA KUNSI KWA MTSINJE NDI MNANSI WANGA?

Pali funso limene tiyenera kulisinkhasinkha mofatsa. Kodi munthu akhala ndi mlandu pa coipa cogwera mnzace amene iye sanamuonepo nkhope, ndiponso sanafune kumcitira coipa? Ambiri ayankha msanga kuti iai, pakuti ayesa kuti mlandu ukhala mwa iye yekha amene anapangana ciwembu mumtima mwace. Koma tiyeni titsikire kumtsinje, tikaone ngati yankho limeneli likhoza kuima.

Pa 18 February 2025, ku Chambishi m'dziko la migodi, linagumuka khoma la thamanda losungiramo zotsalira za miyala ya mkuwa, la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia. Madzi a asidi, amene poyamba anawerengedwa malita 50 miliyoni, anatsikira mu Mwambashi, nalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa mtunda wa makilomita 100 kunsi kwace, cimanga ndi nsawawa za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mipope ya mzinda wa Kitwe inatsekedwa kwa masiku. Boma linatuma ndege kukathira njereza m'madzi kuti ifooketse ukali wa asidi. Msodzi amene anapeza ukonde wace wodzala ndi nsomba zoola sanalakwire eni mgodi, ndipo iwonso sanadziwe dzina lace.

Tizindikire umo ululu wotere ugwirira nchito yace. Nsomba ipuma ndi ziwalo zofewa za m'mbali mwa mutu wace; asidi ndi mkuwa wosungunuka ziononga ziwalozo, ndipo nsomba ibanika iri m'kati mwa madzi. Imeneyo ndiyo imfa yooneka. Palinso ina yobisika: zitsulo zolemera zikhazikika m'matope a pansi, nizikhala momwemo zaka zambiri. Madzi akhoza kuyeranso pamaso pathu, koma ululu uli cikhalire, ndipo mvula yaikuru ikabvundula matope uukanso.

Wina adzati, Kodi mkuwa sindiwo umene udyetsa dziko lino? Kodi eni ace anafuna kupha nsomba? Zoonadi mkuwa umanga masukulu ndi zipatala, ndipo palibe amene anena kuti anthu aja anagumula khoma dala. Koma Cilamulo ca Mose sicimasula munthu cifukwa cakuti sanafune. Pa Eksodo 21 tiphunzira kuti wokumba dzenje nalisiya losabvundikira ayenera kulipa ng'ombe ya mnzace ikagwamo; ndi pa Deuteronomo 22 womanga nyumba alamulidwa kuchinga tsindwi lace kuti munthu angagwe. Tsono mlandu suli m'njiru mokha ai. Ulinso m'kusasamala kwa iye amene adziwa kuti cinthu cace ciri coopsa. Ndipo phindu likakhala la mmodzi, koma zowawa zace zisenzedwa ndi wina amene sanafunsidwe, pamenepo cilungamo capotozedwa. Anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola, podandaula kuti mitsinje yao inaipitsidwa ndi mgodi wa Nchanga, anatengera mlandu wao kufikira ku London, ndipo m'caka ca 2019 bwalo lalikuru la kumeneko linabvomera kuti mlanduwo umvedwe komweko. Wa kunsi ali nao mau, cinkana wa kumtunda akhala tsidya la nyanja.

Koma tisafulumire kuloza cala ku migodi yokha, ife a kum'mawa. Mlimi wa thonje akatsiriza kupopera munda wace, kodi atsuka kuti mpope wace? Kawirikawiri ku kamtsinje komwe akazi atungako. Ena, pofuna ndiwo zamsanga, athira mankhwala a thonje m'dziwe m'nyengo ya cilimwe. Makolo athu anadziwa katupe, koma mankhwala a m'botolo aposa katupe kutali: apha mlamba ndi matemba pamodzi ndi ana ao, acule ndi nkhanu, ndipo nsomba zomwezo zigulitsidwa kwa munthu wosadziwa kanthu. Anyamata okumba golidi nao asakaniza dothi ndi mekyuli, citsulo cija coyenda ngati madzi, natsukira kumtsinje. M'matope mekyuli asandulika ululu woposa. Alowa m'tizirombo, tizirombo tidyedwa ndi nsomba zazing'ono, zazing'ono ndi zazikuru, ndipo potsiriza afika m'mbale ya mkazi wapakati. Kuphika kapena kuwamba sikumcotsa, ndipo aononga ubongo wa mwana wosabadwa. Anthu a ku Minamata m'dziko la Japan anaona zimenezi ndi misozi, pamene nthenda yao inazindikirika m'caka ca 1956, itadza mwa nsomba za m'nyanja yao.

Mudzati, Dontho langa liri laling'ono, mtsinje uli waukuru. Koma akulu anati, madzi saiwala khwawa. Cimene mutaya ku Lupande cipita ku Luangwa, ndi ca mu Luangwa cikomana ndi ca mu Kafue m'Zambezi, kumene abale a ku Mozambique amwa ndi kuwedza. Aliyense wa ife ali wa kunsi kwa wina, ndiponso wa kumtunda kwa wina. Ngati tifuna kuti mwini mgodi atiyese anthu, ifenso tiyese anthu iwo okhala kunsi kwathu. Ambuye pofunsidwa za mnansi anasimba za munthu wa paulendo amene anasamalira mlendo wosamdziwa. Sanaika malire pa mudzi kapena pa mtundu.

Cifukwa cace yankho lathu ndi ili: inde, mlandu ulipo, pakuti tidziwa kumene madzi apita. Tsukirani mpope kutali ndi mtsinje ndi citsime. Botolo la mankhwala muliboole, lisasungirenso madzi kapena mcere. Mukaona nsomba zakufa zambiri musatole, koma uzani mfumu ndi a boma oyang'anira nsomba. Ndipo akulu a mpingo asaope kudzudzula wothira ululu m'dziwe, angakhale ali mbale wopereka bwino pa Sabata. Mlengi anatipatsa mtsinje kuti tiusunge kanthawi. Tiupereke kwa adzukulu athu uli ndi nsomba zace.