Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ili ndi tinyanga tinayi. Tiwiri tam'munsi ndi tonunkhizira ndi kufufuzira njira, pomwe tiwiri tatitali tapamwamba tili ndi maso kunsonga kwake, timadontho takuda tosaoneka msanga. Ukaikhudza, imabweza tinyangato n'kulowa m'chigoba. Waphuma amangoona chigoba basi. Wofuna kuona maso amanjuta, n'kukhala chete mpaka nkhonoyo itatuluka yokha. Apa ndi pomwe makolo athu adatola mwambiwu.

Ambiri timaumasulira mwachidule kuti osapupuluma. Ndi zoona, koma tanthauzo lake silithera pamenepo. Wodikira nkhono sakutaya nthawi. Akudziwa chimene akufuna, ndipo akukhulupirira kuti chilimo m'chigobamo ngakhale sichikuoneka. Kudekha kotereku kuli ndi cholinga, kulinso ndi chiyembekezo, ndipo kumayambira mumtima.

N'chifukwa chake zipembedzo zimamuimitsa munthu dala. Msilamu amasiya malonda kasanu pa tsiku kukaswali. Wa Seventh Day amatseka okala dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka. Mkatolika amadzimana masiku 40 a Lenti. Nthawi zimenezi zimampatsa munthu mpata wodzifunsa kuti, kodi ndikupita kuti, nanga zomwe ndikuthamangirazi n'zoyeneradi moyo wanga? Chimandidetsa nkhawa n'chakuti mapemphero athu ambiri masiku ano adzaza phokoso. Masipika amalira usiku wonse, timapempha izi ndi izo, koma nthawi yongokhala chete pamaso pa Chauta n'kumvetsera timaisowa.

Sindikunena kuti nkhawa zathu n'zopanda pake. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza, sopo ndi mafuta idakwera, ndipo mabanja adamva kuwawa kwenikweni. Kuganiza bwino sikutanthauza kuuza wanjala kuti amwetulire. Koma mtima ukadzaza mantha, maso amachita khungu. Munthu amatenga katapila wa chiwongoladzanja choopsa, amagulitsa chimanga chikadali m'munda, kapena kuponya ndalama ya ndiwo pa njuga ya mpira. Mavutowo sadawasankhe, koma zochitazi wazisankha mtima uli m'mwamba. Akadagona nayo nkhaniyo, kuipempherera, n'kukambirana ndi mkazi wake kapena mkulu wa mpingo, mwina akadaona kanjira kena.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idamuchotsa kusekondale chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Mnyamata wa zaka 14, m'nyumba mulibe chakudya chokwanira, akadatha kungoti zanga zada. Iye ankapita ku kalaibulale ka m'dera lawo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankayang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a sayansi, kubwereza ndi kubwereza, mpaka adamvetsa momwe mphepo ingapangire magetsi. Kumalo otayirako zitsulo, komwe ena ankaona zinyalala, iye adatolako fani ya thirakitala ndi tizitsulo tina. Adaphatikiza ndi mapaipi, njinga yakale ya bambo ake ndi dayinamo, n'kuzikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu.

Anthu ankamunena kuti wapenga, ena ankati akusuta chamba. Apa ndi pomwe kudekha kumayesedwa kwambiri, chifukwa wodekha amaoneka wopusa pamaso pa othamanga, ndipo mawu a anthu amatha kumuzula pa zomwe wayamba. Kamkwamba sadalimbane nawo. Adapitiriza ntchito yake mpaka makinawo adayatsa babu, kenako magetsi adafika m'nyumba ya makolo ake. Pambuyo pake adamanganso makina opopa madzi m'mudzi mwawo, adabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America.