Udindo wa Wolozera Mnzake Buku

Munthu akangodziwa kuwerenga, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Kodi ndiyambe buku liti?" Amafunsa mphunzitsi, kapena mbale wake amene adaphunzira kale. Momwemonso anthu amafunsana za akatswiri a nthabwala ndi za masewero oseketsa a pa wailesi ndi pa kanema. Funsoli limaoneka laling'ono, koma woliyankha amasenza katundu. Wofunsayo ndalama zake n'zochepa, ndipo nthawi yake yowerengera ndi madzulo okha, atabwerako kumunda. Akapatsidwa buku louma, kapena lomukulira msinkhu, angathe kuganiza kuti mabuku onse ndi otero, nataya mtima. Buku loyamba likhoza kukhala lotsiriza.

Tsono woyankha ayenera kulozera chiyani? Pali maganizo awiri.

Ena amati munthu angotchula chimene chidamukondweretsa iye mwini, ndipo alibe mlandu mnzakeyo akapanda kuchikonda. M'mawu awa muli choonadi, pakuti wina amakonda nsima ya mgaiwa, wina ya ufa woyera, ndipo palibe wolakwa. Koma amene akupatsa mlendo chakudya amayamba waganiza za mlendoyo. Mwana wamng'ono sapatsidwa tsabola chifukwa chakuti atate ake amamukonda.

Ena amati munthu azilozera mabuku a malangizo okhaokha, pakuti nthano ndi nthabwala n'zachibwana. Awa aiwala kuti makolo ankalangiza ana ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, ana akuseka. Aiwalanso buku la Nthondo, limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1933. Bukuli lidalandira mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo m'chaka cha 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Limasimba moyo wa munthu mmodzi, osabisa kuba kwake ndi kusamvera kwake pa unyamata, kufikira atatembenuka mtima. Wowerenga amafuna kudziwa chimene chidzamuchitikire Nthondo, ndipo phunziro limalowa pamodzi ndi kukoma kwa nkhaniyo.

Chotero chokondweretsa chingathe kuphunzitsa. Koma si chokondweretsa chilichonse chimene chili choyenera kulozera mnzako, makamaka pa zoseketsa. Apa funso lalikulu ndi ili: kodi akusekedwa ndani, ndipo akusekedwa chifukwa chiyani?

M'chaka cha 1940 Charlie Chaplin adatulutsa kanema wotchedwa The Great Dictator, momwe adanyoza Adolf Hitler pa nthawi imene mitundu yambiri inkamuopa. Kuseka kumeneko kudalimbitsa mitima ya anthu oponderezedwa. Kuno ku Malawi John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene ankadziwika ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo, ankaseketsa anthu ndi makhalidwe amene aliyense amawaona pamudzi ndi m'tauni. Nyanga adamwalira m'chaka cha 2016, Mabedi m'chaka cha 2021, koma anthu amakumbukirabe nthabwala zawo. Sewero la Tikuferanji, momwe Michael Usi adatchuka ndi dzina lakuti Manganya, lidathandiza mabanja kukamba za matenda a Edzi, nkhani imene ambiri ankachita nayo manyazi.

Palinso nthabwala za mtundu wina, zoseka wopunduka, wachibwibwi, munthu wachialubino, kapena mtundu wa anthu ndi chiyankhulo chawo. Izi nazonso zimaseketsa khamu. Koma wolozera mnzake zoterezi akumuphunzitsa kuseka tsoka la munthu, ndipo ana amene amve mawa adzaseka mnzawo kusukulu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina angatsutse nati, "Nanga Mr Bean, amene Rowan Atkinson adayamba kusewera pa kanema ku Britain m'chaka cha 1990, si munthu wopusa amene dziko lonse limamuseka? Kusiyana kuli pati?" Funso ili n'loyenera. Yankho lake lili m'zochita za Mr Bean. Iye amasekedwa pamene akuyesa kuonera mayankho a mnzake pa mayeso, kapena pamene akufuna kudzipezera zabwino yekha, zinthu nkumutembenukira. Chinyengo ndi dyera munthu angathe kuzileka, ndipo kusekedwa kumamuthandiza kuzileka. Koma wopunduka sangaleke kupunduka chifukwa chakuti wasekedwa. Kuseka koyamba kumakonza, kwachiwiri kumangopweteka.

Pa zifukwa izi, wolozera mnzake buku kapena sewero ali ndi maudindo atatu. Loyamba, atchule chokhacho chimene adawerenga kapena kuona yekha, pakuti kutamanda buku chifukwa chongomva mbiri yake n'kuchitira umboni mlandu umene sadauone. Lachiwiri, adziwe wofunsayo: msinkhu wake, kumene wafika pa kuwerenga, ndi zimene zili mumtima mwake. Mayi amene waika mwana wake posachedwa sayenera kupatsidwa nkhani ya imfa ya mwana popanda kuchenjezedwa. Lachitatu, anene zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati buku lili ndi mawu ovuta, kapena ngati wanthabwala nthawi zina amatukwana, anene poyera.

Wofunsa nayenso ali ndi mbali yake. Achita bwino kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Koma akawerenga, aweruze yekha. Ngati buku limene mphunzitsi adalitamanda silidamukomere, asachite manyazi kunena, ndipo atenge lina. Tsiku likudza limene mng'ono wake, kapena mkazi wa pa nyumba yoyandikana, adzabwera kwa iye ndi funso lomwe lija. Pamenepo katunduyo adzakhala pamutu pake.