Mthunzi wa Mtengo wa Pabwinja

Mwezi uno tiri ndi funso lakuti tilingalire pamodzi. Kodi nkoyenera munthu kukondwera ndi cinthu cokoma, ngati cinapangidwa mwa kuliritsa anthu ena? Kuti funsoli limveke bwino, tifotokoze za munda wina wa ku Mangalande.

M'dziko limenelo, m'cigawo ca Worcestershire, muli malo dzina lace Croome. Mwini wace anali mfumu yacuma, Earl wa Coventry. M'caka ca 1751 iye anaitana mmisiri wa minda, Lancelot Brown, kuti akonze dziko lozinga nyumba yace, pakuti linali dambo lokhalokha. Brown anakumbitsa ngalande zocotsa madzi, nakumbitsanso mtsinje ndi nyanja yaing'ono, nabzala mitengo yambirimbiri, ina mwa iyo mikungudza ya ku Lebano. Munda wotere salimamo cakudya ai. Ndiwo wa msipu, madzi ndi mitengo, wakukondweretsa maso.

Koma pafupi ndi nyumbayo panali mudzi wa anthu wamba. Popeza unaima pamene mfumu inafuna kuonapo msipu wokha, mudziwo unapasulidwa, anthu ace nasamutsidwira ku High Green. Nyumba yao ya mapemphero inagwetsedwanso, ndipo ina inamangidwa pacitunda, nitsegulidwa m'caka ca 1763.

Taonani cimene zaka zinacita. Brown anamwalira mu 1783, mfumu ija mu 1809. M'caka ca 1948 a banja lace anagulitsa nyumbayo, ndipo munda unayamba kuonongeka. Mu 1996 bungwe la National Trust linautenga niliyamba kuukonza. Lero munthu wamba alipira pacipata, nalowa, nakhala pansi pa mikungudza imene inabzalidwira mfumu ndi alendo ace.

Tsono anthu anena pawiri. Ena ati, Zakale zinapita. Tiyeni tione kukongola kokha, tileke kufukula mirandu ya akufa. Ena ati, Iai, munda uwu ndi cipatso ca kudzikuza, ndipo wouyamika ayamika nkhanza.

Ife tiyesa kuti onse awiri aphonya. Oyambawo aiwala kuti mudzi si nyumba zokha. Ife tidziwa cimene bwinja liri: pamenepo mpamene makolo anabadwira, mpamene anapsa mtima nakhululukirana. Munthu wocotsedwa pamalo otere, angakhale ampatse nyumba yatsopano, walandidwa kanthu kamene sikabwezeka. Kubisa zimenezi ndiko kuwasamutsa anthu aja kaciwiri, kuwacotsa ngakhale m'cikumbukiro.

Koma aciwiriwo aiwala kuti mtengo ulibe mlandu. Mkungudza sunapasule mudzi. Ndiponso mitengoyo sinabzalidwe ndi manja a mfumu; anakumba maenje ndi anthu osauka onyamula zokumbira, amene anadziwa kuti sadzauona mthunzi wace wonse. Tikanyoza mundawo, tanyoza thukuta lao lomwe. Ndipo mtengo umene wakula zaka zoposa 200 ukagwa, palibe wacuma angaugule wina wolingana nao.

Cifukwa cace yankho lathu ndi ili: tikondwere nao mthunziwo, koma tikondwere cikumbukire. Wousunga munda ausunge bwino, auze alendo za mudzi unali pomwepo, ndipo cipata cace cisakanize wosauka.

Mau awa asathere kutsidya kwa nyanja. Nafenso timakuza minda, timalambula miseu, timafuna pakhomo pathu paoneke bwino. Tisanayambe, tidzifunse kuti, Kodi ndani adzasunthidwa kuti ine ndikondwe, ndipo kodi ndamfunsa? Akulu anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Banja la ku Croome linasamutsa mudzi, koma nalonso tsiku lace linafika lakutuluka m'nyumba ija. Tibzale mitengo, inde, yambiri ndithu. Koma tiibzale pamene wokhala mumthunzi wace sadzasowa kufunsa kuti analira ndani.