Thirakitala Ikugwira Ntchito, Mayi Agona: Munthu Ndani Pamenepa?

Munthu amene anakulira m'Chifalansa akayamba kuphunzira Chingerezi amapunthwa pa timawu tiwiri, who ndi which. Ndikuzionera ndekha kuno kwa Changata, kumene masana a Loweruka ndimathandiza asisteri ena ochokera ku Lubumbashi, m'dziko la Congo. Chifalansa ndi Chiswahili n'zakwawo, koma Chingerezi anachiyamba atakula kale. Ine uphunzitsi ndinapuma, nthawi ndili nayo, ndipo iwo amabwera ndi kope lawo ndi mabanzi omwera tiyi.

Gwero la vutoli ndi ili. Pa Chifalansa, mlowam'malo wolumikiza nthambi ya chiganizo ku dzina amayang'ana ngati dzinalo ndi lochita kapena lochitiridwa. Mwininkhani amatenga qui, pamtherankhani amatenga que, kaya tikunena mfumu, mbuzi kapena khasu. Chingerezi chimayamba ndi funso lina: ameneyu ndi munthu kapena chinthu? Munthu atenga who, chinthu chitenga which. Ndiye wophunzira amadula njira, n'kuganiza kuti qui ndiye who, que ndiye which. Zovuta zina zilipo, monga chizolowezi cha Angerezi chongosiya mlowam'maloyo osamutchula n'komwe, chimene Mfalansa sangachite, koma zimenezo zimatha ndi kuyeserera.

Tsiku lina ndinawauza kuti alembe zimene aona panjira. Analemba ziganizo ziwiri: "The tractor who carries the leaf is late" ndi "The woman which they sent home is sick."

"Asisteri," ndinatero, "thirakitala mwaipatsa ulemu wa munthu, koma mayiyu mwamulanda."

Anaseka. "Aphunzitsi, thirakitalayo ndiyo ikugwira ntchito. Mayiyo akungochitiridwa."

Iwo ankanena za malamulo a chiyankhulo basi. Koma ine ndinamva chiphunzitso chimene tonse okulira m'mbali mwa minda ya tiyi tinachiloweza popanda wotiphunzitsa. Pa sikelo ya esiteti, kalaliki salemba kuti wothyolayo wagona bwanji; amalemba nambala ndi makilogalamu. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka mofulumira ndipo manja amafunika ambiri. Chilimwe chikafika, ambiri a manjawo amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Kalaliki sindikumuda, nayenso ali ndi womuwerengera. Ndikungoti malo otere amakuzoloweretsa kuona munthu pa zimene akuchita, mpaka wosachita kanthu amayamba kuzimiririka ngakhale m'maso mwa abale ake.

Mayi anga anathyola tiyi mpaka msana unakana. Lero anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo aneni onse onena za iwo ndi ochitiridwa: amasambitsidwa, amadyetsedwa, amatembenuzidwa usiku, amatulutsidwa pakhonde dzuwa likawala. Chala chachikulu ndi chamkombaphala za dzanja lawo lamanja zikadali zokhakhala, zikhadabo zinapindika ndi kudula nsonga za tiyi. Mdzukulu wawo wina, mwana wabwinobwino, anandifunsa ngati agogo akadalimo m'thupi muja. Funsolo si lachibwana, ndipo anthu ophunzira akanganapo.

Mu 1984 Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba kuti m'kaganizidwe ka Aafirika munthu sabadwa ali munthu wathunthu. Amafikapo pang'onopang'ono, pokwaniritsa udindo wake pakati pa anzake, ndipo akhoza kulephera. Musafulumire kumutsutsa, chifukwa ife tomwe timalankhula choncho. Wankhanza timati si munthu ameneyo. Timati kali kokha n'kanyama. M'madera ambiri khanda likamwalira lisanatuluke chikuta, amakaliika ndi amayi okha, popanda maliro a mudzi wonse. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamuyankha kuti mudzi umaumba khalidwe, inde, koma sumapatsa munthu kukhala munthu, pakuti chimenecho amabwera nacho pobadwa.

Ine ndili kumbali ya Gyekye, ndipo umboni wanga ndi manda. Chidakwa chimene mudzi wonse unkachinyoza chikafa, adzukulu amakumbabe manda ofika muyezo, amayi amaphikabe, mfumu imayankhulabe. Tikati uje alibe umunthu timakhala tikumudzudzula, ndipo timamudzudzula chifukwa ndi munthu. Galu woluma palibe amene amamuitanira kubwalo. Khalidwe munthu amalipeza ndi kulitaya. Koma pali china chimene sachigwirira ntchito, choncho sangachotsedwe nacho ntchito. Immanuel Kant mu 1785 anasiyanitsa zinthu, zimene zili ndi mtengo ndipo china chingalowe m'malo mwake, ndi anthu, amene ali ndi ulemerero wosagulika. Buku la Genesis linanena kale m'njira yake pophunzitsa kuti munthu anapangidwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo limanena zimenezi munthuyo asanagwire khasu. Thirakitala ikawonongeka amagula ina. Mayi anga alibe wolowa m'malo.

Wina angaganize kuti ndikutamanda Chingerezi chifukwa chili ndi who. Ayi ndithu. Lamuloli si lakalekale: Baibulo la King James la 1611 limagwiritsa ntchito which ponena za Mulungu mwini m'pemphero la Ambuye, ndipo omasulirawo sankamuyesa chinthu. Komanso eni minda amene ankadziwa bwino kusiyanitsa who ndi which ndi omwewo anayendetsa thangata. Makolo athu achilomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900, pothawa nkhanza za Apwitikizi, anapatsidwa malo pa maesiteti polipira ndi thukuta, ndipo wolephera ankathamangitsidwa. Mchitidwewu unathetsedwa mu 1962. Ansembe a chipani cha Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901, komanso Louis Auneau amene anakhala episkopi mu 1910, anabwera ndi qui ndi que wawo, koma zimenezo sizinawaletse kudziwa kuti wodwala pamphasa ali ndi mzimu. Chichewa chathu nachonso sichoyera pa nkhaniyi. Tikafuna kunyoza timangomusamutsira munthu ku gulu la chi-, n'kumati chitsiru chimene chija, chimunthu chimene chija. Chiyankhulo chili chonse chimapereka njira yolemekezera ndi yonyozera, wosankha ndi mwini pakamwa.

Asisteri aja anamvetsa nditawasonyeza whom. Ndi mawu amene Angerezi ambiri sawagwiritsanso ntchito polankhula, koma ntchito yake ndi yomwe iwo ankaisowa: munthu amene akuchitiridwa kanthu, koma akadali munthu. Anakonza chiganizo chawo, thirakitala n'kubwerera ku which.

Chondivuta ine chili kutchalitchi, kumene chiphunzitso cha sikelo sichiyenera kulowa koma chinalowa. M'mipingo yathu yambiri, yosiyanasiyana mayina, mkhristu ali ndi khadi kapena dzina m'kaundula wa zopereka. Zopereka n'zofunika, denga silidzikhoma lokha, ndipo waulesi ayenera kudzudzulidwa akadali moyo. Koma ndinaonapo maliro a gogo wina amene anayimba kwaya kuyambira utsikana wake, akulu ampingo akutsegula kaundula pasiwa kuti aone ngati anamaliza zopereka za zaka zimene anagona chigonere. Anakambirana nthawi yaitali, anamfedwa akudikira, ngati kwaya iyimbe kapena ayi. Potsiriza anayimba, mwana wa malemu atalipira zotsalira. Pamenepo mpingo unachita zomwe amachita kalaliki pa sikelo, kusiyana kwake n'kwakuti kalaliki sanalonjezepo aliyense kuti ndi mwana wa Mulungu.

Inu akulu ampingo, atsogoleri a miphakati ndi amayi a zigwirizano kuno kwa Changata, ku Makwasa ndi ku Thekerani, ndikukupemphani zinthu ziwiri. Okalamba ndi odwala chigonere muwachotse m'kaundula wa ngongole, muwalembe m'kaundula wa oyenera kuyenderedwa, ndipo muziwayenderadi, ngakhale amene sathanso kukuzindikirani. Ndipo tsiku la maliro awo, kaundula wa zopereka muzimusiya kuofesi.