Nyali ya pa Msasa

Kodi n'kwanzeru kusunga cinthu cakale pamene catsopano coposa ico cafika kale m'sitolo? Funso ili limveka lopepuka, koma tiyeni tiliyese pa nyali ya parafini imene alenje ena amanyamulabe caka ndi caka popita ku msasa wao.

Ku Palabana, kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli a mfumu yaikulu Nkomeshya, nyama za m'thengo zinacepa kalekale. Malowo adziwika ndi sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka, ndipo pamene panali thengo paima mipanda ya waya. Cotero munthu wa kumeneko wofuna kusaka ayenera kugula ciphaso ku Boma ndi kupita kutali, monga ku Rufunsa, m'cilimwe udzu utapsa. M'katundu wace muli toci yowala ngati mphezi. Komabe pakati pa mabulangete wakulungamo Tilley ya atate ace.

Nyali imeneyi njobvuta. Uyenera kuthiramo parafini wosefa, kutenthetsa kampope kace ndi sipiriti, ndi kupopa mpweya kufikira parafiniyo atakwera nasanduka nthunzi. Nthunziyo ipsa m'kathumba koyera, ka mtundu uja umene Carl Auer von Welsbach wa ku Vienna anatulukira m'caka ca 1885. Kathumbako kakapsa kamodzi kamakhala ngati phulusa: ungokakhudza ndi cala, kayoyoka. Wopupuluma aona lawi lacikasu likubuka pamodzi ndi mwaye, anzace namseka. Mnyamata wocokera ku sukulu anganene kuti zonsezi ndi kutaya nthawi ndi ndalama, ndipo pa masamu sanalakwe, pakuti parafini ngwodula, ndipo nyali yotere ikagwera pa udzu wouma ingathe kutentha msasa wonse.

Mukawafunsa akulu, amayankha kuti, "Ndi mwambo wathu." Yankho ili silindikhutitsa. Mwambo suyera cifukwa ca kukalamba kwace. Kutentha thengo lonse kaamba ka mbewa nakonso n'kwakale. Ngati nyaliyo aisunga kuti azikumbukira mwini wace amene anatsogola, acita bwino, koma nchito imeneyo ingaicite itapacikidwa pakhoma kunyumba.

M'kuganiza kwanga, ulemu wa nyaliyi uli pa malo amene ikhala. Imalira, imatentha, ndipo sifuna kugwedezedwa, kotero kuti munthu sangazembe nayo m'thengo. Aipacika pa nthambi, anthu ndiwo abwera kwa iyo, wina kusenda cikopa, wina kutembenuza nyama imene akuwamba, wina kutakasa nsima. Pamene pathera kuwala kwace, pomwepo pathera ufumu wa mlenje. Kuseri kwaceko usiku ngwa nyama, kuti zimwe madzi, zidye, ziyamwitse ana ao.

Koma inalipo nyali inanso imene alenje a dziko lino anaidziwa bwino, ya kabaidi, yobvala pamphumi monga ija ya m'migodi. Anaipatsa dzina lakuti bulala, liu la Cizulu lotanthauza kupha, ndipo dzinalo silinaname. Maso a nyama zambiri ali ndi kanthu m'kati kobweza kuwala, n'cifukwa cace mumdima aoneka ngati makala awiri a moto. Gwape akaunikidwa aima njo, wosaona kothawira, ndipo mlenje angolozetsa mfuti pakati pa makalawo. Iye sadziwa ngati nyamayo ndi yaimuna kapena yaikazi ya bere. Nthawi zina kukaca apeza kuti wagwetsa mwana wa ng'ombe wa mnansi wace. Luso lonse la makolo, kulondola mapazi, kuyesa mphepo ndi fumbi, kukwawa pamimba, palibe limene lifunika pamenepo. Lamulo la Zambia losunga nyama za m'thengo, la caka ca 2015, liletsa kusaka usiku ndi kuunika nyama ndi nyali. Koma mlonda wa nyama sangaime kuseri kwa mtengo uli wonse.

Tsono toci yatsopano ija icita nchito zonse ziwiri. Iunikira mphika, iunikiranso gwape, ndipo ikhala m'thumba osalira. Taganizirani munthu amene wabwera cimanjamanja masiku atatu, ndalama za ciphaso ndi za ulendo zapita, ana kunyumba ayembekeza ndiwo. Musafulumire kumuweruza, inu amene simunagone pa msasa wopanda nyama. Nyali yakale siingasandutse munthu wotere kukhala wolungama, pakuti citsulo ciribe mtima. Cimene icita n'cacing'ono. Madzulo ali onse, wamkulu akagwada nayamba kupopa, onse adziwa kuti kusaka kwa lero kwatha. Acotsa zipolopolo, natsamiza mfuti zao pa mtengo umodzi. Mnyamata wobwera ulendo wace woyamba aphunzira zimenezi popanda womuuza.

Ndipo popeza nyaliyo ndi imodzi, anthu akhala mozungulira naonana nkhope. Pa msasa pamene ali yense ali ndi toci yace, munthu angathe kunyamuka mwakacetecete, anzace nkumayesa kuti wapita kukagona. Pansi pa Tilley, wina akasowa, malo ace pa cipika aoneka, ndipo wamkulu afunsa, "Nanga mphwanu ali kuti?"