Anganga akapita, ndano zipita nawo?



Pa Eid yapitayi anganga anga anabwera kuchokera ku Namwera kudzationa kuno ku Ndirande. Usiku wina magetsi atazima, anayamba kutisimbira ndano, nthano za Chiyao zija zokhala ndi nyimbo pakati. Atafika poti ife tivomere nyimboyo, m'nyumba monse munangoti zii. Ine Chiyao ndimachimva mwapatalipatali, mng'ono wanga ndiye sachimva n'komwe. Anganga anangoseka n'kupitiriza m'Chichewa, koma nyimbo ija anaisiya.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kusiya chilankhulo cha makolo kuti chifere m'manja mwathu n'kulakwa, kapena ndi moyo wa m'tauni basi?

Makolo athu sindiwaweruza. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko lonse, zilankhulo zinazi n'kusowa malo pa wailesi ndi m'sukulu. Nkhani za m'Chiyao zinadzayamba kumveka pa MBC m'ma 1990, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Bambo amene anabwera ku Bangwe kapena ku Machinjiri kudzasaka ntchito ankadziwa kuti mwana akalankhula Chiyao pagulu amasekedwa. Anatiteteza m'mene ankadziwira. Koma ifeyo lero akutiletsa ndani? Ndi manyazi chabe.

Mnzanga amene tinkaphunzira limodzi ku madrasa anandiyankha kuti nthawiyo ndi bwino kuithera pa Chiarabu, komanso kuti nthano za kalulu ndi fisi ndi bodza. Za Chiarabu ndikugwirizana naye, swala yathu ili m'menemo. Koma Surah Ar-Rum, ayah 22, imatchula kusiyana kwa zilankhulo zathu m'gulu la zizindikiro za Allah, limodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka. Nanga chizindikiro cha Allah munthu n'kumachibisa akakwera minibasi ya ku Limbe? Za bodzazo, palibe mwana amene amakhulupirira kuti fisi analankhuladi. Chimene amatolapo n'chakuti dyera limapweteka mwini wake, ndipo amachisunga mpaka kukula, chifukwa anachimva ali pamiyendo pa agogo ake.

Sindikuti zonse n'zoyera ayi. Zilipo zina za m'miyambo yathu zopempha kwa mizimu, zilipo nyimbo zina za ku unyago zotukwana. Zimenezo tizipete ngati mankhusu. Koma mayi akamapeta mpunga sataya ndi lichero lomwe.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Buku la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919, ndipo analilemba m'Chiyao ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican. Iye anamvetsera zimene akuluakulu ankasimba n'kuzilemba. Padutsa zaka zoposa 100. Ife amene timati Chiyao n'chathu, tili ndi mafoni ojambula mawu m'thumba, koma mwambi ngakhale umodzi wa anganga sitinausungepo.

Asananyamuke ndinawapempha kuti abwereze ndano zitatu, ndinajambula pa foni. Mu yachiwiri muli mawu awiri amene sindinawamve. Ndinafunsa amayi, nawonso anapukusa mutu, akuti anawamva komaliza ali mtsikana. Lachisanu tikachoka ku Jumu'ah ndiwaimbira anganga, in shaa Allah, andiuze tanthauzo lake. Ndiwapemphanso andiphunzitse povomera pa nyimbo ija.