Kodi Nkoyenera Kuwerengera Mwana Ndalama Asanabadwe?

Pali nkhani ina imene imagawa anthu a m'nyumba imodzi, makamaka pamene mayi ali ndi pakati poyamba. Achinyamata a masiku ano amafuna kutenga pepala ndi cholembera, nalemba zonse zimene khanda lidzafune kufikira litakwanitsa chaka: matewera, sopo, zitenje, ndalama ya ulendo wa kusikelo. Akuluakulu ambiri akaona zimenezi amachita tsinya. Iwo amati mwana si mbuzi yoti anthu akambirane mtengo wake, ndiponso kugulira zovala munthu amene sanaoneke ndi kuputa tsoka. Nanga wolondola ndani?

Tisafulumire kuwaseka agogo athu. Mwambo woletsa kugulira mwana zinthu asanabadwe unachokera m'misozi. Kale makanda ambiri ankamwalira ali m'chikuta, mchombo usanagwe, ndipo ankaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda kulira mokweza. Mayi wotsala chimanjamanja sakadapirira kuona timalaya titapindidwa pamphasa, tikudikira mwini wake amene sadzativala. Kusagulako kunali kutchinjiriza mtima wa mayi. Komanso tisaganize kuti makolo sankakonzekera. Azamba ankadziwa mwezi wake, apongozi ankasunga ufa, atsikana a pamudzi ankatunga madzi ndi kutola nkhuni. Chiwerengero chinalipo ndithu, kungoti chinali m'mitu ya anthu ambiri, ndipo palibe amene ankachitchula pakamwa.

Banja lokhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Kawale lilibe mudzi wotere. Madzi ochapira matewera ndi ogula, makala otenthetsera madziwo ndi ogulanso. Kuchipatala amayembekeza kuti mayi abwera ndi zitenje zake, beseni, lezala latsopano ndi pepala la pulasitiki loyala pogona. Bambo amene akana kuwerengera zimenezi, ponena kuti mwana amabwera ndi mwayi wake, sanachotse mtolowo. Wangousenzetsa mkazi wake, amene adzayamba kugogoda pa zitseko za anzake matenda atayamba kale. Ine ndiona kuti kuwerengera zofuna za mwana ndi kosiyana kwambiri ndi kuika mtengo pa mwanayo. Mlimi amene amayeza mbewu ndi feteleza mvula isanagwe sanyoza munda wake.

Ndipo amayi, mwa nzeru zao, anapeza kale njira yogwirizanitsa mbali ziwirizi. Amagula zitenje. Chitenje sichitchula dzina la munthu: chingakhale mbeleko, chingakhale chofunda, ndipo zinthu zikavuta mayi angachivale yekha popanda wina womufunsa. Chimodzimodzinso ndalama yosungidwa ku banki m'khonde, kapena thumba la mtedza losiyidwa pakona. Agogo sakwiya nazo, koma banja lakonzeka.

Funso lovuta lili pa zimene tilemba papepalapo, pakuti pepala lotere limaulula amene tikumugulira. Khanda la mwezi umodzi silidziwa nsapato. Silidziwa ngati shawelo yake yachokera ku Limbe kapena ku Johannesburg. Zambiri zimene zimatha ndalama m'miyezi yoyamba timagulira maso a anansi ndi a abale odzaona mwana, ndipo phwando la pa ubatizo nthawi zina limadya ndalama zimene zikadagula sopo wa miyezi itatu. Si kulakwa kukondwerera mwana. Mudzi umene sukondwerera ana ake ndi wakufa. Koma pamene chikondwererocho chibwera ndi ngongole ya katapila, wobweza weniweni ndi mwana yemweyo, chifukwa ndi phala lake limene lidzachepe mafuta.

Zodabwitsa ndi zakuti zinthu zimene zimasunga moyo wa khanda sizioneka kawirikawiri pa mapepala otere, popeza zilibe mtengo wa m'sitolo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osapatsidwa ngakhale madzi, napitirize kuyamwa mpaka zaka 2 akudyanso zakudya zina. Mu 1981 maiko anagwirizana malamulo oletsa kunyengerera amayi ndi malonda a mkaka wa m'chitini, ataona ana ambiri akufa ndi matenda otsekula m'mimba chifukwa cha mkaka wosungunulidwa ndi madzi oipa, kapena wochulukitsidwa madzi kuti chitini chikhalitse. Katemera naye ndi waulere m'zipatala za boma: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9. Malawi ndiye dziko loyamba limene linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo, mu 2019.

Koma mau akuti "waulere" atinyenga. Mayi woyamwitsa amafunika kudya mokwanira, ndipo sikelo ya makilomita 10 imadya tsiku lathunthu la kumunda kapena la pamsika. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 8 a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka 3. Masabata 8 ndi miyezi iwiri yokha, pamene adokotala akunena miyezi 6. Miyezi 4 yotsalayo ailipira ndani? Mayi wogulitsa tomato, amene sanalembedwe ndi munthu aliyense, alibe ngakhale masabata 8 amenewo. Tsono pepala loona liyenera kukhala ndi mzere wa nsomba, mazira ndi nyemba za mayi, ndi mzere wina wa ntchito zimene bambo adzagwire yekha kuti mkazi wake akhale pansi ndi kuyamwitsa. Mzere wachiwiriwu sufuna tambala, komabe ndi umene abambo ambiri amauona wodula koposa.

Palinso chimene sitingachidziwe tsiku lake. Thupi la mwana limatentha pakati pa usiku, ndipo woyendetsa njinga yamoto sadikira malipiro a kumapeto a mwezi. Banja limene lasunga kandalama kosakhudzidwa, ngakhale kochepa, limanyamuka nthawi yomweyo; limene lilibe limati tione kukacha, ndipo malungo a khanda sadikira kucha. Ndalama yomweyo siikhala chimodzimodzi: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwacha m'kachitini anapeza kuti agula zochepa kuposa zimene anawerengera. Chifukwa chake a kumudzi sachita molakwa posunga chimanga, soya ndi mtedza, zimene pa mwezi wa 6 zidzasanduka phala longa la Likuni, makamaka ngati mweziwo ugwera mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitapepuka.

Komabe mantha a agogo ali ndi choonadi china chimene sitiyenera kuchitaya. Munthu wozolowera kulemba zonse zimene wawononga amayamba kuyembekeza kubwezeredwa. Tonse tinamvapo kholo likuuza mwana wamkulu kuti, "Ndinakulera ndi ndalama zanga," ngati kuti khanda linasainira ngongole lili m'mimba. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umatha ndi mau akuti ukachenjera manja udya naye, ndipo ena amangomva mbali yakudyayo. Mwana sanapemphe kubadwa. Sopo ndi matewera ndi mangawa a makolo kwa iye, ndipo ngati adzawasamala atakalamba, adzatero chifukwa anaphunzira chifundo m'nyumbamo. Palinso mabanja amene, atawerengera naona kuti ndalama sizikwana, amayamba kumuona mwana wobwerayo ngati mlendo wosaitanidwa, mayi nalandira mau owawa pa mimba imene sanaitenge yekha. Apo cholembera chagwira ntchito imene sichinapatsidwe, ndipo ndi bwino ankhoswe aitanidwe msanga, mwezi wa kuchiyembekezero usanafike.